Milamba ya Pamaliro a Mkamwini Wanga

Mpaka lero sindidya mlamba wowamba. Ana anga akapita ku msika wa ku Chama amandigulira, ndipo ine ndimalandira ndi manja awiri n'kuthokoza, pakuti ndi ana abwino amene amandikumbukira. Koma akangouika pamoto, fungo n'kuyamba kuzungulira pakhomo, ndimapeza kantchito kuseri kwa nyumba. Iwo amati amama ali ndi vuto la m'mimba. Si m'mimba ayi. Fungo limenelo limandibwezera pamaliro a mkamwini wanga, ndipo nseru imene ndinamva kumeneko sinathebe.

Mwana wanga wamkazi wachiwiri anakwatiwa kumudzi wina wa ku Chikwa, pafupi ndi mtsinje wa Luangwa. Mwamuna wake anali mlimi ngati tonsefe, wa chimanga ndi kampunga pang'ono kudambo, koma analinso ndi dzanja la nsomba. Ankatchera miono m'kamtsinje kothira mu Luangwa, ndipo kuseri kwa nyumba yake kunali thandala lowambirapo milamba. Ine ndi iye tinkapatsana ulemu wa kwathu. Sitinagwiranepo chanza, sitinadyerepo pamalo amodzi. Tikakumana m'njira ankapatukira m'udzu n'kunjuta, kuwomba m'manja ali chapatali. Akabwera kwathu sankandipatsa nsomba pamanja. Ankazipachika pankhokwe, n'kunena nkhope itayang'ana kumbali kuti, "Amama, pali kandiwo apa." Ndinkathokoza Mulungu chifukwa cha iye. Mwana wanga sanabwerepo kwathu ndi misozi kapena ndi diso lotupa.

Chaka chimenecho njovu zinalowa m'munda mwawo chimanga chitangoyamba kumasula, n'kusiya mapesi okhaokha. Pofika pakati pa mvula, m'nyumba zambiri za m'mudzimo munalibe kanthu, ndipo anthu ankakhalira nsomba ndi masamba. Tsiku lina Lamulungu m'mamawa, mkamwini anauza mkazi wake kuti amusitire malaya oyera a kwaya, pakuti ankaimba besi kutchalitchi. Anati akungothamangira kukavuula miono nsomba zisanaole, ndipo abwera chitsulo cha kutchalitchi chisanalire kachiwiri. Chitsulo chinalira kachiwiri, anthu analowa, anatuluka, iye osaoneka. Anzake anakapeza dengu lake pagombe ndi matope opalasidwa. Aliyense wokulira m'chigwa muno amadziwa kuti zikatero ndi ng'ona.

Uthenga utandipeza ndinangomanga chitenje n'kuyamba kuponda matope. Ndinapeza mwana wanga ali pansi m'nyumba ya siwa, amayi atamuzungulira, malaya oyera aja ali pamiyendo pake. Sanalire pondiona. Anangoti, "Amama, ndinawasita bwino, taonani kolala."

Amuna anafufuza m'mabango masiku angapo, ndipo chimene anapeza ndi mwendo umodzi, kuyambira m'bondo kutsika. Anauzindikira ndi chipsera cha nkhwangwa chimene anali nacho pakatumba. Ine ndinapita nawo kumtsinje m'malo mwa mwana wanga, chifukwa wamasiye satuluka m'siwa maliro asanaikidwe. Zimene ndinaona kumeneko ndi zimene zinayamba kunditembenuza mtima. Amuna akuluakulu, amene anadya naye ndi kuseka naye, ankaopa kumukhudza. Ankakankha mwendowo ndi ndodo ngati akukankha galu wakufa, mpaka anaulowetsa m'thumba la feteleza. Achinyamata anali pamenepo mafoni ali m'mwamba, kupanikizana kuti ajambule bwino, wina mpaka kupempha kuti thumba alitsegulenso chifukwa iye sanatole. Tsiku lisanathe, mwendo wa mkamwini wanga unali utafika m'mafoni a anthu ku Boma, pamene mkazi wake anali asanauone.

Thumbalo analisiya komweko, atalipachika panthambi. M'mudzi umenewo muli mwambo wakuti munthu wotengedwa ndi mtsinje salowanso m'mudzi kapena kumanda a onse. Amamuika pagombe pomwepo, kuopa kuti ng'ona ingatsate fungo lake n'kudzatenganso wina. Komabe mwambowo unali utayamba kufooka. Anthu ankanena okha kuti mpingo ukanyamula maliro ndi nyimbo ndi pemphero, palibe amene angatseke njira ya kumanda. Asewere anga, bambo wake wa malemuyo, anali nkhalamba yofatsa, ndipo anati, "Mwana wanga anali wa tchalitchi. A mpingo akavomera, akagona pafupi ndi mayi ake." Adzukulu, anthu okumba manda, anali atadula kale thunthu la nthochi loti ligone pamodzi ndi mwendowo, monga timachitira thupi likasowa, kuti m'manda mulowe chinthu cha msinkhu wa munthu.

Abusa athu amakhala ku Boma, ndipo nthawi ya mvula msewu umaduka. Anthu anakwera pachulu pamene pamagwira foni, anayesa, anayesanso, osatheka. Nkhani yonse inatsalira m'manja mwa mkulu wa mpingo wa m'mudzimo, bambo wa thupi lake, wodziwa kupemphera mokweza. Mwana wanga anandigwira mkono n'kunena kuti, "Amama, pitani mukawagwadire. Inu ndinu wa gulu la amayi, akumverani. Ndikungofuna manda oti ndizikasesa, ndi pemphero loti lipite naye."

Ndinawapeza amuna atakhala pansi pa mtengo wa mango, chakudya chitangofika. Popeza m'mudzimo munalibe ndiwo zina, amayi ophika anatsitsa milamba yonse imene inali pathandala la malemuyo. Ndiyo inali m'mbale. Mkulu wa mpingo anali atapatsidwa mutu, ndipo ndinamupeza akuuyamwa, mafuta akutsikira m'chigongono. Ndinagwada chapatali n'kuwomba m'manja.

"Akulu, ndabwera ndi pempho la mwana wanga."

Sanaleke kutafuna. Anasolola munga m'kamwa, n'kuuyang'ana, n'kuutaya pambali.

"Tamva kale, amama. Koma nkhani iyi si ya ine. Mwini wake Mulungu waweruza yekha. Munthu kumva chitsulo chikulira, iye n'kulunjika kumadzi. Sabata yonse ng'ona inali kuti? Bwanji inadikira pa Sondo?"

"Anati abwera, akulu. Malaya a kwaya ali m'nyumbamo, ositasita."

"Malaya sapita kumwamba, amama. Manje ife tikamuimbira nyimbo, achinyamata awa aphunzira chiyani? Sondo yamawa tchalitchi chidzakhala chopanda munthu, onse ali kumiono." Ananyambita chala chachikulu. "Ndiponso tiyeni tinene zoona. Mukufuna ine ndiime pamanda, buku lili m'manja, kupempherera nthochi? Lipenga likadzalira mudzatuluka chiyani m'menemo, mkoko?"

Amuna ena anaseka, chakudya chili m'kamwa. Asewere anga anali pomwepo, mbale yawo ili chikhalire osaikhudza, mutu uli pakati pa mawondo. Ankaseka mwana wawo iwo ali pomwepo.

Mmodzi wa adzukulu, wamatope mpaka m'mawondo, anali atatsamira khasu lake. Adzukulu pamaliro amaloledwa kunena chilichonse, ndipo iye anafunsa mokweza kuti, "Akulu, nanga mutu mukuyamwawo ndi wa tsiku liti? Wa pa Lolemba kapena wa pa Sondo?"

Ndinaganiza kuti mwina achita manyazi, chifukwa nkhaniyo inali yodziwika. Ine ndemwe, pamene ndinkabwera kudzacheza, ndinaonapo mkazi wa mkuluyo akudzera kuseri kwa nyumba ya mkamwini anthu atangotuluka m'tchalitchi, kambale katabisidwa m'chitenje, ndipo sankabwerera chimanjamanja. Koma bamboyo sanagwedezeke n'komwe. Anati, "Chakudya chikapemphereredwa chayera, iwe. Kumba manda, za mpingo uzisiye." Kenaka anakweza mbale n'kuitana amayi kuti amuonjezere msuzi.

Pamenepo m'pamene nseru inandigwira. Fungo la mlamba linandilowa m'mphuno, ndinaona milomo yonyezimira mafuta ija ikutsekuka ndi kutsekeka, ndipo malovu owawa anadzaza m'kamwa mwanga. Munthu anafera nsomba zimenezi. Anazitola m'madzi a ng'ona ndi manja ake, anaziwamba yekha utsi ukumulowa m'maso, ndipo amene akumutsekera kumwamba akutsuka nazo pakhosi. Ndinayesa komaliza. Ndinati, "Akulu, ngakhale pemphero lalifupi chabe, la mwana wamasiye amene watsala." Anayankha kuti wamasiye adzamupempherera maliro akatha, koma kumtsinje mpingo supita, ndipo mayi aliyense wa gulu amene avale yunifolomu kumeneko adzaitanidwa kubwalo la mpingo. Ndinawomba m'manja, pakuti ndinaleredwa choncho, n'kunyamuka. Ndinakasanza kuseri kwa khola la mbuzi.

Kubwerera m'siwa kunandilemera kuposa ulendo wonse wa m'matope. Mwana wanga anangondiyang'ana n'kudziwa. Kenaka anafunsa motsitsa kuti amayi ena asamve.

"Amama, ndiye kuti ali kumoto?"

"Wakuuza ndani?"

"Akulu anena kuti Mulungu waweruza kale. Mawu amafika m'nyumba muno." Anapinda malaya aja, n'kuwatambasulanso. "Nanga ngakhale akanamupempherera, adzauka bwanji? Ndi mwendo umodzi? Thupi lonse lili m'mimba mwa chilombo."

Ine sukulu ndinalekeza ku pulayimale, ndipo sindidziwa kutsutsana ndi anthu a mabuku. Ndinamuuza zimene ndakhala ndikumva kutchalitchi kuyambira ndili mtsikana, zimenenso ndimakhulupirira. Ndinati tsiku la chiweruzo lilipo, koma silinafike. Lipenga silinalire, akufa sanauke, ndipo mpando woweruzira sunaikidwe pansi pa mango. Ndinati amene anaumba munthu ndi dothi, popanda womuthandiza, sangasowe nzeru yotolera mwana wake m'mimba mwa ng'ona. Agogo athu amene anaikidwa bwinobwino ndi nyimbo, lero ali kuti? Chiswe chinawamaliza kalekale. Ngati Mulungu adzawatenga kwa chiswe, kwa ng'ona n'kumene angalephere? Za mtima wa mwamuna wake ndinati sindingalumbire, pakuti sindine Mulungu, koma mkulu wa mpingonso si Mulungu.

Anamvetsera, koma ndinaona kuti mawu anga sanalowe. Mawu a munthu woima kutsogolo m'tchalitchi amalemera kuposa a mayi ako.

M'mawa mwake adzukulu anakumba pagombe lokwera, pansi pa mtengo wa msikidzi. Ndinkayembekeza kuti tikhala ochepa. Koma titayandikira, ndinaona amayi a gulu lathu la pa Lachinayi akutuluka m'njira ya kumadimba mmodzimmodzi, atavala zitenje zakumunda, wina atasenza ndowa. Mtsogoleri wawo, mayi wamfupi wa mawu aakulu, anandinong'oneza kuti, "Atiletsa yunifolomu. Kubwera kumtsinje sanatiletse, timabwera tsiku lililonse." Amayi amenewo sindidzawaiwala. Mulungu awakumbukire pa tsiku lawo.

Thumba analitsitsa panthambi, ndipo amuna anayambanso kuyang'anana, aliyense kudikira mnzake. Mmodzi anati angoliponya momwemo ndi thumba lomwe. Munthu wobatizidwa, woimba besi, kupita m'manda m'thumba la feteleza. Ndinamasula chitenje chapamwamba n'kuchiyala pamphasa. Ndinagwada, n'kulowetsa manja m'thumbamo. Ali moyo sindinamugwirepo ngakhale chala, ndiye ndinayamba ndapepesa. Ndinati, "Pepani bambo, ndakugwirani. Ndine apongozi anu." Mwendowo unali wozizira ndi wotupa, ndipo fungo linalipo, sindinganame. Koma chodabwitsa n'chakuti pamenepo nseru sinandigwire ngakhale pang'ono. Ndinautsuka matope ndi madzi a m'ndowa ija, kupukuta pakati pa zala monga ndinkachitira ana anga ali makanda, n'kuukulunga. Asewere anga anaveka thunthu la nthochi malaya oyera aja, n'kumanga mabatani onse mpaka pakhosi. Tinagoneka mwendo kumunsi kwake, adzukulu n'kupinda mphasa.

Amayi anaimba nyimbo ya kuuka kwa akufa, poyamba motsitsa ngati akuopa, kenaka mokweza mpaka mvuu zinayankha kutsidya. Mtsogoleri uja anapemphera. Sanatalikitse. Anati, Ambuye, uyu ndi wanu, mukudziwa kumene kuli mbali yake ina, ife takupatsani imene tapeza. Mwana wanga anaponya dothi, ndipo pamenepo m'pamene analira koyamba.

Tikubwerera, tinapeza mkulu wa mpingo ataima pabwalo la siwa, buku lili m'manja, akulalikira kwa amene anatsala za kusunga tsiku la Mulungu. Ankatchula ng'ona ngati wantchito wa kumwamba. Mawu ake anali okoma, okwera ndi kutsika bwino, ndipo ena ankavomera. Pochoka, mkazi wake ananyamula milamba imene inatsala, ataikulunga m'masamba a nthochi, akuti ingaonongeke.

Miyambo ya maliro itatha, mwana wanga anabwerera kwathu ndi kamwana kake. Kutchalitchi analeka. Chitsulo chikalira ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndikamuitana kuti tipemphere ankagwada nane chifukwa cha ulemu, koma milomo yake sinkagwedezeka. Abusa atabwera mvula itatha, anamva nkhaniyo, anapukusa mutu, ndipo anapita okha kukapemphera pamanda paja. Ndinawathokoza. Koma mkulu uja anakhalabe pampando wake, ndipo mwana wanga anati, "Pemphero lobwera mochedwa lili ngati kuthirira mbewu youma." Chimene ankachita n'kupita kumtsinje mwezi uliwonse ndi tsache, kukasesa masamba a msikidzi. Ine ndinkamupempherera pamene ndikulima, pamene ndikusinja, pamene ndikutunga. Sindinkaopa za malemuyo. Ndinkaopa za wamoyoyu, kuti mawu a pansi pa mango aja amutsekera khomo iyeyo.

Luangwa ndi mtsinje wodya magombe ake. Chaka chilichonse umagumula uku n'kukaunjika uko. Patapita mvula ziwiri kapena zitatu, madzi anadzaza kwambiri, ndipo atatsika, asewere anga anatumiza uthenga kuti gombe lija lapita, pamodzi ndi msikidzi ndi manda omwe. Ndinamva uthengawo ndili ndekha, ndipo ndinakwiya kuposa tsiku la maliro. Akanaikidwa kumanda a onse, bwenzi ali pafupi ndi mayi ake mpaka lero. Chifukwa cha munthu mmodzi wa mafuta m'chigongono, mwana wanga analandidwa ngakhale malo osesa. Ndinazungulira nyumba kusowa poyambira kumuuza.

Ndinamupeza akupeta mpunga. Ndinamuuza mosazungulira. Anasiya lichero pamiyendo n'kuyang'ana kutali, ndipo ine ndinakonzeka kumugwira. Anakhala choncho mpaka nkhuku zinayamba kujompha m'lichero.

Kenaka anati, "Ndiye kuti mwendo watsata mwini wake."

Ndinakhala pansi pambali pake.

"Ndinkavutika, amama. Ndikamasesa paja ndinkati, kodi ndikusesera ndani, nthochi? Iye ali uko, mwendo uli kuno. Manje ali malo amodzi." Anaingitsa nkhuku ndi dzanja. "Ndi malaya ake omwe. Akadzaitanidwa sadzasowa chovala."

Anaseka pang'ono, misozi ikutsika, ine n'kuseka naye. Lamulungu lotsatira sanapite kutchalitchi, ndipo ine sindinamukakamize. Koma Lachinayi lina ndikumanga duku kuti ndipite kugulu la amayi, ndinamupeza panja atasamba, kamwana kali kumsana. Anati akufuna kukaphunzira nyimbo imene amayi aja anaimba kumtsinje, chifukwa tsiku lija sanaimve bwino. Panjira ndinkayenda kumbuyo kwake kuti asaone nkhope yanga. Ndinathokoza Mulungu njira yonse, ndipo ndikuthokozabe. Lero ndiye amayambitsa nyimboyo pamaliro a kwathu kuno, kaya womwalirayo anafa bwanji.

Mkulu uja ndimakumana naye pamisonkhano ikuluikulu ya mpingo. Wakalamba, akuyenda ndi ndodo. Amandipatsa moni mwansangala, ndipo ndikuganiza kuti anaiwala kuti ndine ndani. Timaphunzitsidwa kupempherera amene anatilakwira, ndipo ndimayesa. Ndimamutchula pamaso pa Mulungu kuti amuchitire chifundo chimene iye anamana mnzake, popeza tsiku lija la chiweruzo tidzaima mzere umodzi, iye ndi thupi lake lonse, mkamwini wanga ndi miyendo yake iwiri, ine ndi zanga zimene Mulungu akudziwa. Koma ndikafika pa iye m'pemphero, fungo la mlamba limabwera, ndipo ndimayamba ndameza malovu ndisanapitirize.